Kodi Nsalu Imaimba?

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, atelala a ku Maramba, ku Dambwa ndi ku Libuyu sagona tulo. Pa 22 Novembala Mpingo umakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, ndipo makwaya a m'maparishi athu muno mu Livingstone amafuna kuti chikondwererocho chiwapeze atavala zatsopano. Chikangotha, Khirisimasi ili pakhomo, ndipo nayonso imafuna nsalu yakeyake. Wina amatumidwa pa basi ku Lusaka kukasankha zitenje m'masitolo a ku Kamwala, msungichuma amayenda ndi kope kutolera ndalama kwa mamembala, ndipo makina osokera amalira mpaka usiku.

Tsiku likafika, palibe angakane kuti zimakoma m'maso. Atsikana a Stella amatsogola akuvina. Amayi a kwaya amanga maduku ofanana, abambo avala malaya a nsalu yomweyo, ena mpaka masuti ndi mataye, ngakhale kuti dzuwa la kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala limatentha ngati ng'anjo. Nthungululu zimamveka kwaya isanayambe n'kuimba komwe, ndipo achinyamata amakweza mafoni m'mwamba kuti ajambule.

Kenaka nyimbo yolowera imayamba. Apa mpamene ife amene tatumikira zaka zambiri pa ukatekisiti timayamba kuda nkhawa. Kiyibodi ikugunda mwamphamvu kotero kuti mawu a nyimbo sakumveka. Ndime yoyamba onse akuidziwa. Yachiwiri akuidziwa anthu asanu, otsalawo akungotsegula milomo ndi kugwedeza mapewa mogwirizana. Nyimbo yayambidwira pamwamba kwambiri, ndipo agogo amene anayesa kuitsatira aleka. Ikafika nthawi ya salimo, zikuchita kuonekeratu kuti woimba wake waliona koyamba m'mawa womwewo. Tchalitchi chodzaza ndi anthu obatizidwa chasanduka bwalo la oonerera.

Sitikunena makwaya onse. Ku Cathedral ya St Theresa ndi m'maparishi ena a dayosizi yathu muli oimba odzipereka, amene amachoka kuntchito atatopa nakathera madzulo awo akuphunzira nyimbo popanda malipiro. Amenewa ngoyenera ulemu. Koma matenda amene tikunenawa alipo, owerenga ambiri awaona ndi maso, ndipo makolo athu anawatchula kalekale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kale oimba ankabisika

Mpingo wathu unakhazikika kuno ndi ansembe a chipani cha Capuchin ochokera ku Ireland, amene anafika mu 1931. Mu 1936 dera lino linapatsidwa mtsogoleri wake woyamba, Monsignor Killian Flynn. Mu 1950 Ambuye Timothy Phelim O'Shea anadzozedwa episkopi, ndipo mu 1959 Livingstone inakhala dayosizi. M'zaka zonsezi Misa inali m'Chilatini, ndipo maziko a malamulo a zoimbaimba anali malamulo aja amene Papa Pius X anapereka pa 22 Novembala 1903, tsiku lomwelo la Cecilia Woyera. Papayu anafuna kuti oimba avale mikanjo ya m'tchalitchi poimba. Choncho nkhani ya yunifolomu si yachilendo mu Mpingo. Koma m'ndime yomweyo ananenanso kuti ngati malo a kwaya ali poonekera kwambiri, oimbawo atchingidwe kuti maso a anthu asakhale pa iwo. Mkanjo uja unali wobisa munthu, kuti mawu okha ndiwo atuluke.

Palibe amene akufuna kubwerera kumeneko. Malamulo a 1903 sankalola amayi kuimba m'kwaya ya tchalitchi, ndipo tikanawatsata lero, makwaya athu ambiri akanatsala ndi anthu osakwana dzanja limodzi. Msonkhano waukulu wa Vatican II ndiwo unasintha zinthu. Chikalata chake cha zachipembedzo, Sacrosanctum Concilium, chimene chinatuluka pa 4 Disembala 1963, chinalemekeza oimba kwambiri: pa ndime 29 chimati a kwaya, pamodzi ndi otumikira ku guwa ndi owerenga Mawu, ali pa utumiki weniweni wa chipembedzo. Ndime 114 imalamula kuti makwaya alimbikitsidwe, makamaka m'makathedralo, koma nthawi yomweyo imakumbutsa maepiskopi ndi abusa kuonetsetsa kuti mpingo wonse ukuimba mbali zimene zili zake. Ndipo ndime 119 inatsegula khomo kwa ife a m'maiko a mishoni, kuti maimbidwe a makolo athu apatsidwe malo.

Khomo limeneli ena anali atayamba kale kuligogoda. Ku Kamina, m'dziko la Congo, Bambo Guido Haazen ndi kwaya yao anajambula Missa Luba mu 1958, mawu a Chilatini pa maimbidwe a Chiluba ndi ng'oma. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Chikuni m'dayosizi ya Monze, Bambo Frank Wafer a chipani cha Jesuit anathera zaka zambiri akusonkhanitsa nyimbo za Chitonga ndi kulimbikitsa kuti maimbidwe ake alowe m'mapemphero. Cholinga cha ntchito yonseyi chinali chimodzi: kuti mayi wosadziwa kuwerenga, amene ku dambwe la Chilatini ankangomvera, tsopano atsegule pakamwa pake natamande Mulungu monga amaimbira pamtondo ndi pamaliro. Maimbidwe athu ngoti mmodzi atsogolere, khamu livomere. Kwaya imene imaimba yokha, anthu ali duu, yabweza mayi uja kumene Vatican II inamuchotsa, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akumvera m'Chinyanja kapena m'Chilozi.

Pa 5 Malichi 1967 kunatuluka chikalata china, Musicam Sacram, cholongosola bwino zimenezi. Chimadzudzula mchitidwe wosiyira kwaya nyimbo zonse za Misa anthu osatengako mbali. Chimati kwaya ikhale pamalo oonetsa kuti ndi gawo la mpingo womwewo wosonkhana. Chimatinso zida zoimbira zithandize mawu, zisawakwirire mpaka anthu kulephera kumva chimene chikuimbidwa. Tikanakonda kuti aliyense woimba kiyibodi auzidwe mfundo yomalizayi tsiku limene akupatsidwa makiyi a kabati ya zokuzira mawu.

Ubwino wa yunifolomu

Tisaiponde yunifolomu ngati ilibe ntchito. M'dziko muno chovala cha gulu ndi chinthu cholemekezeka. Amayi a Anna Woyera, a Legio ndi a mabungwe ena amadziwika ndi zovala zao, ndipo anzathu a mipingo ina, monga amayi a Dorika a Seventh-day Adventist amene ngochuluka kuno kummwera, ali nazonso zao. Chovala chotere chimakumbutsa munthu lonjezo lake. Mnyamata wovala malaya a kwaya amachita manyazi kulowa nawo m'bala. Ndiponso yunifolomu yabwino imafananiza anthu: mkazi wa mwini sitolo ndi mayi wogulitsa tomato pamsika wa Maramba akaima pamzere umodzi atavala nsalu imodzi, palibe angadziwe wolemera ndani. Imeneyi ndiyo inali nzeru yake poyamba.

Vuto limayamba nsalu ikaleka kukhala imodzi. Pali ya Lamulungu wamba, ya Pasaka, ya Khirisimasi, ya maukwati, ya maliro, ya mpikisano wa dinale, ndiponso ya tsiku lobwera Ambuye Episkopi. Kwaya ya parishi yoyandikana ikasoketsa mikanjo yonyezimira, ya kuno singabwerenso ndi chitenje cha chaka chatha. Pamenepo yunifolomu yaleka kufananiza anthu, yayamba kuwasefa.

Ndani watsala kunja?

Owerenga achikulire akukumbukira kuti Livingstone unali mzinda wa mafakitale. Kunali osoka zovala, oluka mabulangete, ngakhale fakitale yolumikiza magalimoto. Ambiri mwa mafakitale amenewa anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasulidwa ndipo salaula itadzaza m'misika. Kuyambira pamenepo mabanja ochuluka m'makomboni athu amadalira maganyu, timalonda ting'onoting'ono ndi ntchito za m'mahotela zimene zimakwera ndi kutsika malinga ndi kubwera kwa alendo. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale chaka chimenecho kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinakantha kwambiri chigawo chathu cha kummwera. M'nyumba zambiri funso linali la thumba la ufa, osati la nsalu.

M'nyumba zoterezi ndimo mumachokera oimba athu. Mtsikana amene watsiriza sukulu koma sanapeze ntchito, wa mawu okoma oti akayamba salimo tchalitchi chonse chimakhala bata, amauzidwa kuti asonkhe ya chitenje, ya telala, ya duku ndi ya nsapato zofanana ndi anzake. Sanena kuti alibe. Mzambia sakonda kuulula umphawi pagulu. Amangoti mutu ukumupweteka, sabata yotsatira akuti wapita kumudzi, kenaka dzina lake lafufutidwa m'kope. Wina amalimbikira kubwera, koma tsiku la chikondwerero amauzidwa kuti popeza sanavale, akhale kumbuyo pamodzi ndi anthu, angaononge chithunzi. Malo ake pamzere woyamba amatenga munthu amene walipira zonse koma ku pulakatisi anafikako kawiri. Kwayayo ikamalephera kukweza nyimbo, anthu amadabwa. Palibe chodabwitsa: mawu ake anatsala pabenchi lakumbuyo.

Kalata ya Yakobo, mutu 2, imadzudzula akhristu amene amapatsa malo aulemu munthu wovala mphete yagolide ndi zovala zokongola, wosauka namuuza kuti aimirire kapena akhale pansi. Mtumwiyo sankanena za akunja. Ankanena za msonkhano wa okhulupirira. Sacrosanctum Concilium pa ndime 32 imabwereza mfundo yomweyo, kuti m'chipembedzo musakhale kukondera anthu kapena magulu a anthu, kaya m'miyambo kaya m'zoonetsa zakunja. Ndipo pa ndime 124, ponena za zokongoletsa ndi zovala zopatulika, imapempha kukongola kolemekezeka osati kudzionetsera chuma. Ngati lamuloli likukhudza chovala cha wansembe paguwa, nanga la kwaya lingapulumuke bwanji?

Mzinda wodya ndi maso a alendo

Pali chifukwa china chimene chimachititsa kuti chiyeso chimenechi chikule kuno kuposa kwina. Mzinda wathu umadya ndi maso a alendo. Chiyambire pamene David Livingstone anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, ndi pamene mlatho wa sitima unatsegulidwa mu 1905, anthu akhala akubwera kudzaona. Likulu la dziko linasamukira ku Lusaka mu 1935, mafakitale anatha, koma mathithi alipobe. Mu Ogasiti 2013 mzinda uno, pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls kutsidya, unalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona zokopa alendo, ndipo misewu inakonzedwa, nyumba zinapakidwa utoto. Ana athu amakula akuona magulu ovina atavala zikopa ndi nthenga pakhomo la hotela, kuvinira anthu amene samva liwu ngakhale limodzi la nyimboyo. Ntchito imeneyo njolemekezeka, imadyetsa mabanja. Koma imaphunzitsa phunziro limodzi, loti chofunika ndi chimene kamera ikuona, ndipo phunziroli likawoloka khomo la tchalitchi limaononga.

Taonani mavidiyo a makwaya amene amaikidwa pa YouTube ndi pa Facebook. Ambiri amajambulidwa m'mbali mwa Zambezi kapena pafupi ndi mathithi, ndipo m'nyimbo imodzi ya mphindi zisanu kwaya imasintha zovala katatu. Mawu amene mukumvawo anajambulidwa kale mu situdiyo, kawirikawiri ndi oimba ochepa osankhidwa, ndipo kompyuta inawongola pamene panapotoka. Pamtsinje paja gulu lonse likungotsatira ndi milomo. Palibe tchimo pojambula vidiyo. Nyimbo zabwino zafika kutali mwa njira imeneyi, ndipo wailesi ya dayosizi yathu, Radio Musi-o-Tunya, imatonthoza odwala ambiri ndi nyimbo zojambulidwa. Koma Lamulungu m'mawa kulibe kompyuta yowongola mawu, ndipo wopemphera sangabweze nyimbo kuti aimvenso.

Chilala chija cha 2024 chinatiphunzitsanso kanthu. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku, ndipo nthawi zina ankazima Misa ili m'kati. M'tchalitchi china chimene sitichitchula, anazima pakati pa nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu. Kiyibodi itangoti zii, kwaya ya anthu oposa makumi atatu, yovala bwino lomwe, inayenda mizere iwiri n'kusokonekera. Sopulano inapita kwake, besi inapita kwake, mpaka onse analeka. Anaitola nyimboyo ndi amayi achikulire a pabenchi lachitatu, ndi manja ao okha, ndipo tchalitchi chonse chinawatsata mpaka kumapeto. Ambiri anatuluka akunena kuti sanaimbepo Gloria chotero kwa zaka.

Nthawi imapita kuti?

Kuimba bwino kumafuna nthawi, ndipo m'tauni muno kumafuna nthawi yochuluka kuposa kumudzi. Pa Misa imodzi tikhoza kuimba m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chingelezi, pakuti njanji ndi ntchito zinasonkhanitsa kuno mitundu yonse. Limeneli ndi dalitso, koma lili ndi mtengo wake. Mlozi woimba Chibemba ayenera kuuzidwa tanthauzo la mawu, ndipo Mngoni woimba Chitonga ayenera kuphunzira katchulidwe kake, kuti eni chinenero asaseke pamalo oyenera kupemphera. Wosankha nyimbo ayenera kuwerenga Mawu a Lamulungu limenelo sabata isanathe, kuti asatiimbitse Aleluya m'nyengo ya Lenti kapena nyimbo ya maliro pa ubatizo. Salimo limasintha sabata ndi sabata, ndipo silingaphunziridwe pakhomo la tchalitchi.

Tsono funsani membala aliyense woona mtima kuti madzulo a pulakatisi amatha bwanji. Theka la nthawi limapita pokambirana mtundu wa nsalu, amene sanamalize kulipira, telala amene wachedwetsa, ndi masitepe a polowa. Masitepewo amayesedwa kakhumi; ndime yachitatu ya nyimbo ya pa Komunyo siyesedwa n'kamodzi komwe. M'mipikisano yambiri ya makwaya oweruza amaperekanso mamalikisi pa kavalidwe ndi kalowedwe, choncho kwaya imene yagula chikho ndi nsalu imabwerera kwao ikukhulupirira kuti imadziwa kuimba. Nawonso akhristu a m'mabenchi ali ndi mbali yao, pakuti amaimbira nthungululu mkanjo watsopano, koma sapita kukathokoza mnyamata amene waimba salimo momveka bwino.

Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, ankakonda nyimbo za m'tchalitchi mpaka kukhetsa misozi. Komabe m'buku lake la Confessions, gawo la 10, akuulula kuti ankaopa pamene kukoma kwa maimbidwe kunkamugwira mtima kuposa mawu oimbidwawo, ndipo ankakuyesa kulakwa. Taganizani: munthu woyerayu ankaopa kuti khutu lingabe malo a mtima. Akanati chiyani poona kuti kwa ife ngakhale khutulo lalandidwa malo ndi diso?

Kumene nyimbo ikadali ya onse

Amene akufuna kumva kusiyana apite kumasiteshoni a kunja kwa tauni, cha ku Mukuni kapena m'midzi ya njira ya ku Kazungula, Lamulungu limene wansembe kulibe ndipo katekisiti akutsogolera mapemphero a Mawu. Kumeneko kuli ng'oma ziwiri, chisekese, mwina ndi silimba. Yunifolomu, ngati ilipo, ndi chitenje chimodzi chimene chaona Pasaka zisanu. Mayi mmodzi amayambitsa, ndipo nyumba yonse imavomera, ana ndi nkhalamba zomwe. Musicam Sacram inaganizira malo oterewa pamene inati kumene kwaya singatheke, pakhale woimba mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa bwino otsogolera anthu. Kapena apite pamaliro a munthu wosauka m'komboni, usiku, amayi a mphakati atakhala pamphasa m'nyumba ndipo abambo ali pamoto panja. Palibe wavala zofanana ndi mnzake, palibe chokuzira mawu, koma liwu lililonse limamveka, ndipo wamasiye amatonthozeka. Anthu athu kuimba amadziwa. Chimene amafuna kwa kwaya n'chakuti iwayambitsire nyimbo pamalo oti angafikepo, iwagwirizire ndime zimene aiwala, ndipo nthawi zina, monga pa chopereka, iwaimbire kanthu kokonzedwa bwino koti amvere akusinkhasinkha.

Kwa abambo mfumu ndi mabungwe a maparishi tili ndi pempho, ndipo silifuna ndalama. Kwaya ikhale ndi yunifolomu imodzi, kapena ziwiri ikafunitsitsa, ndipo isasinthidwe popanda chilolezo cha bungwe la zachipembedzo. Nsalu zingapo zikhale za parishi, zosungidwa m'kabati, kuti wosatha kugula abwereke mwakachetechete popanda dzina lake kuwerengedwa pagulu. Woimirira pamzere woyamba asankhidwe ndi kope la pulakatisi, osati kope la msungichuma. Kamodzi pa mwezi kwaya iyese nyimbo zonse za Misa kiyibodi itazimitsidwa. Ndipo mphindi zisanu Misa isanayambe, wotsogolera nyimbo atembenuke, ayang'ane anthu, awaphunzitse mawu ovomera salimo. Tinaona m'parishi ina kuti kachinthu kakang'ono kameneka kanasintha maimbidwe a tchalitchi chonse m'miyezi yowerengeka. Okonza mipikisano ya dinale nawo angathe kuchepetsa mamalikisi a zovala, n'kuika m'malo mwake nyimbo imodzi imene kwaya iyenera kuimbitsa khamu lonse lopezekapo.

Mabungwe a zachipembedzo m'maparishi ambiri amakumana Adventi isanayambe kuti akonze za Khirisimasi. Pa msonkhano umenewo, apampando a kwaya asanatulutse zitsanzo za nsalu m'chikwama, apemphedwe kubwera ndi mapepala awiri: mndandanda wa masalimo a Malamulungu anayi a Adventi pamodzi ndi amene adzawaimbe, ndi maina a mamembala onse amene analeka kubwera ku pulakatisi chigulire yunifolomu yomaliza.